Nkhope ya Achemwali pa Filimu Yomaliza

Lachitatu, sabata yomaliza ya holide, mwezi wa Ogasiti.

Ndadzuka ndi mkwiyo. Sindinkadziwa kuti munthu angagone ali wokwiya n'kudzuka mkwiyowo uli pomwepo, osachepa ngakhale pang'ono. Ndasesa pabwalo mwamphamvu mpaka fumbi kulowa m'nyumba, koma amayi sanandidzudzule. Chichokereni dzulo sitikulankhulana bwino. Ndilemba zonse kuyambira pachiyambi, chifukwa ndikangoziganizira zikungozungulira m'mutu.

Achemwali anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anabwerera kuno ku Kapondo mu Meyi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu. Kwa zaka zambiri ankachita geni ya zitenje. Ankakapikula ku Chipata, kudutsa nazo pa boda, kukagulitsa pa boma ndi ku Lilongwe. Nthawi ya kampeni ankagulitsa zitenje za chipani chilichonse, ndipo wina akawafunsa kuti iwo ali mbali iti ankayankha kuti ali mbali ya wogula. Anali munthu wathupi, wa mawu aakulu, woti akaseka ku chitsime ife kunyumba tinkadziwa kuti afika. Tsopano atha thupi ndipo akutsokomola. Dzina la matendawa timaliphunzira kusukulu, lili pa chipupa cha kalasi yathu m'zilembo zofiira. Kunyumba kuno timangoti chifuwa.

M'chikwama chimene anabwera nacho munali kamera yaing'ono yakuda, ya pulasitiki, yokwana m'thumba la siketi. Kutsogolo ili ndi kachitseko kokankha ndi chala, kumbuyo kuli kagudumu kopukusa ukajambula. Munalinso mafilimu awiri osatsegula, iliyonse ya zithunzi makumi awiri ndi zinayi, ndi alubamu yodzaza. Mu alubamumo muli anzawo a geni atakhala pa mabelo, madalaivala a mathiraki pa boda, maukwati atatu, ndi mwana wawo kuyambira ali wakhanda. Eni akewo alimo kawiri kokha. Pamodzi aima kumapeto kwa mzere wa anthu pa ukwati, nkhope yaing'ono ngati njere ya mtedza. Penapo avala magalasi akuda. Zaka zonsezo ankajambula ena.

Holide itangoyamba anandiitana m'chipinda n'kundipatsa kamerayo. Anati mwana wawo akadzakula adzafunsa kuti amayi ake ankaoneka bwanji, ndipo safuna kuti adzamuonetse njere ya mtedza.

"Undijambule nkhope yokha," anatero. "Manja ayi, miyendo ayi. Nkhopeyi ikadali yanga."

Kwathu kuno chithunzi ndi cha thupi lonse. Munthu amavala zake zabwino, kapena kubwereka, n'kuima mowongoka kuti nsapato zioneke, wotchi ioneke, wailesi ngati ali nayo ioneke. Wojambula akadula mapazi, mwini wake amachikana chithunzicho, amati wandidula miyendo. Cha nkhope yokha timachidziwa pa chitupa cha mayeso ndi pa maliro, chimene amachinyamula patsogolo pa bokosi. N'chifukwa chake amayi atamva sanakondwe. Sanaletse, anangoti bwanji tisadikire achemwali apezeko bwino. Achemwali anayankha kuti adikira mokwanira.

Tsiku lojambulalo ndinawaluka tsitsi. Anadzola mafuta, n'kupaka milomo pang'ono, n'kuvala bulauzi yawo ya buluu. Anayenda okha mpaka pansi pa mtengo wa mango n'kukhala pa mpando. Ine ndinaika diso pa kazenera ka kamera, ndinaona kuti akuoneka aang'ono, ndi mikono yonse poyera. Ndinasendera. Mikono inkaonekabe. Ndinasenderanso mpaka nkhope inadzaza kazenera konse, pafupi moti ndikanatha kuwakhudza mphuno osatambasula dzanja lonse. M'kazeneramo ankaoneka bwino kwambiri, ngakhale kachipsera ka pachibwano kankaoneka. Ndinajambula kasanu ndi kanayi, akumwetulira, atatseka pakamwa, atayang'ana kumbali. Ndinkadziona ngati katswiri.

Zotsalazo ndinajambula zimene ndinkafuna. Amayi akuswa mtedza pakhonde, ndili chapatali kuti asandione. Mwana akuthamangitsa mbuzi. Chigafa chathu cha fodya chili chopanda kanthu. Ndinagonanso chafufumimba m'fumbi kujambula nkhuku yathu yamawanga pafupi penipeni, chifukwa ndinkafuna kuti diso lake lituluke.

Pamsika pali bambo wina wa situdiyo amene amasonkhanitsa mafilimu n'kupita nawo ku Lilongwe kukatsukitsa, kamodzi pa masabata awiri. Yathu inafika iye atangochoka kumene, ndiye tinadikira pafupifupi masabata atatu. Achemwali ankafunsa tsiku lililonse. M'masabata amenewo anasiya kufika pa mango okha. Tsopano amayenda atagwira phewa langa, ndipo timapuma kamodzi panjira, ngakhale kuti mtengowo uli pafupi ndi khomo.

Dzulo ndi pamene ndinakatenga envulopu. Achemwali anali atandilumbiritsa kuti ndisatsegule panjira, ndipo sindinatsegule. Nditafika ndinapeza pakhonde pali amayi ndi azimayi awiri oyandikana nafe amene anabwera kudzathandiza kuswa mtedza. Achemwali anali pa mphasa atatsamira khoma. Ndikanadziwa ndikanalowa nayo m'chipinda envulopuyo.

Zoyambirira zinali zabwino. Amayi anadziona ali ndi mpango wakumunda n'kudandaula kuti ndawajambula ngati wamisala, koma anachiyang'ana nthawi yaitali. Cha mwana ndi mbuzi chinadutsa m'manja mwa onse. Kenaka zinafika za achemwali.

Nkhope kunalibe. Panali chinthu chofiirira ngati utsi, mabanga awiri akuda pamalo a maso, ndi banga lofiira pamalo a milomo. Mutu unadulidwa pamphumi, tsitsi lonse limene ndinaluka lija osaoneka. Koma kumbuyo kwawo nkhokwe yathu inatuluka bwinobwino, nsungwi iliyonse payokha, ngakhale lichero lopachikidwa pambali pake. Zonse zisanu ndi zinayi zinali choncho.

Mmodzi wa azimayiwo anagwira pakamwa n'kunena chapansipansi kuti awa ndi malodza. Mnzakeyo anayamba kufotokoza za bambo wina wa kwawo amene chithunzi chake chinatulukanso chofufutika, sabata isanathe anamuika m'manda. Ankafotokoza achemwali ali pomwepo, akumva. Amayi anasonkhanitsa zithunzizo, n'kuzibwezera mu envulopu, n'kunena kuti kamera yaona zimene ife sitikuona, ndipo pakhomo pano sipadzajambulidwanso munthu.

Ine ndinali nditagwira cha nkhuku chija. Nachonso chinali utsi wokhawokha, miyala ya kumbuyo kwake ndiyo inaoneka bwino. Ndinachikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Amayi, taonani. Nkhuku nayonso yatuluka chimodzimodzi. Nkhuku ili ndi malodza?"

Amayi anachiyang'ana, kenaka anandiyang'ana ine.

"Nanga nkhukuyo ili kuti?"

Tinaipha Lamulungu lapitali, akuluakulu a mpingo atabwera kudzapempherera achemwali. Ine ndemwe ndinaisosola nthenga. Achemwali anaphulika kuseka, kuseka kwawo kwakale kuja, mpaka kunasanduka chifuwa ndipo tinachita kuwagwira msana. Palibe wina anaseka.

Azimayi aja atapita, amayi anafuna kamera kuti akaitsekere m'sutikesi mwawo. Achemwali anali ataiika kale pansi pa pilo. Anawauza mwaulemu kuti kamera ndi yawo, anaigula okha, ndipo nkhope ndi yawonso. Amayi anatuluka.

Chimene chinandipweteka chinabwera pambuyo pake, ndikupatsa achemwali madzi. Anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, popeza ndine wa sukulu, ndiwauze zoona: kodi zimene ananena azimayi aja zimachitikadi? Munthu amene ankakangana ndi a kasitomu okhometsa msonkho pa boda mpaka iwo kutopa, dzulo ankaopa kapepala. Ndinati ayi, ndi bodza. Anandifunsa kuti nanga nkhokwe yatuluka bwanji iwo osatuluka. Ndili Fomu 3 ndipo ndinalibe yankho. Mkwiyo umene ndadzuka nawo ndi umenewo.

Nditamaliza kusesa ndatenga njinga, kamera ndi chithunzi cha nkhuku, ulendo wa kumsika. Amayi anandiona ndikutuluka, sanandifunse.

Situdiyo ndi kachipinda kamodzi. Pakhoma pali nsalu yojambulidwa nyumba zosanja ndi ndege, pamene anthu amaima kuti azioneka ngati ali kunja. Bambo uja anali akupukuta kamera yake yaikulu. Ndinamuonetsa nkhuku, n'kumuuza kuti nkhope za achemwali zatulukanso choncho. Anati anaziona kale ku Lilongwe ndipo anadziwa kuti mwini filimu abweranso. Anandiuza kuti ndimuonetse pamene ndinaima. Ndinamuyandikira monga ndinachitira tsiku lija, mpaka iye anabwerera m'mbuyo.

"Iwe mtsikana, umafuna kuwajambula kapena kuwanunkhiza?"

Sindinaseke. Ndinamuuza kuti kunyumba akuti ndi malodza. Pamenepo nayenso anasiya kuseka. Anatenga kamera ya achemwali n'kundionetsa timalemba tating'ono pambali pa galasi lakutsogolo: 1.2m. Ndinali nditationa kale timalembato, koma ndinkayesa ndi nambala ya kufakitale. Anafotokoza kuti kamera yake yaikulu ili ndi galasi lopotokola, amalisuntha mpaka chinthu chioneke bwino, kaya chili pafupi kaya kutali. Ya achemwaliyi galasi lake silisuntha. Analiika kuti liziona kuyambira mita imodzi ndi pang'ono kupita kutsogolo. Chilichonse choyandikira kuposa pamenepo chimasanduka utsi, kaya ndi munthu wodwala, wamoyo, nduna ya boma kapena dzungu.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji m'kazenera ndinkaona bwinobwino. Anati kazenerako ndi bowo chabe, si komwe kumajambula. Kali pamwamba, galasi lojambula lili pansi pake. Ukakhala patali ziwirizi zimaona chinthu chimodzi, koma ukayandikira kazenera kamaona mphumi pamene galasi likuona chibwano. Mutu unadulidwa choncho. Anandionetsa timizere tiwiri m'kazeneramo, n'kuti ndikakhala pafupi mutu wa munthu uzikhala pansi pa timizereto.

Manyazi anandigwira. Za magalasi tinaphunzira temu yatha, ndinajambula mizere ya kuwala m'kope ndi rula, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Koma nditagwira kamera yeniyeni m'manja sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinangoganiza kuti ukayandikira umaona bwino, monga maso.

Anandiuzanso za dzuwa. Lisakhale kumbuyo kwa munthu, nkhope imada. Lisamuwombe m'maso, amatsinzina. Mthunzi wa mtengo ndi wabwino bola usakhale wamawangamawanga, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa. Ndinalemba zonse kuseri kwa chithunzi cha nkhuku. Pomaliza anati ngati tikufuna akhoza kubwera yekha ndi kamera yake. Ndinathokoza koma ndinakana. Iye akamabwera m'mudzi amaliza belu la njinga ndipo ana onse amamutsatira mpaka pakhomo. Achemwali ananena kale kuti safuna kuonereredwa. Ndiye bamboyo anati filimu ifike mawa dzuwa lisanalowe, chifukwa Lachisanu akwera galimoto yoyamba. Ikaphonya ulendo umenewu idikira masabata ena awiri. Ine Lolemba ndikubwerera kusukulu yogonera komweko mpaka Novembala. Filimu yatsala imodzi. Za masabata a achemwali sindikufuna kulemba.

Nditafika kunyumba ndinalowa m'chipinda n'kufotokozera achemwali zonse, kuwaonetsa timalemba tija ndi timizere ta m'kazenera. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati zaka zonse zimene akhala ndi kamerayi sanayandikirepo munthu choncho, chifukwa aliyense ankafuna nsapato zake zioneke. Ndinaona mapewa awo akutsika, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Koma panali vuto limene ndinayenera kuwauza. Ndikaima pamene kamera ikufuna, nkhope yokha sizitheka. Chithunzi chifika m'chiuno, mikono ioneka. Anayang'ana mikono yawo. Ndinati avale juzi yanga ya sukulu, ndi yokhuthala, ndipo mwana akhale pamiyendo pawo, atseke kutsogolo konse. Anafunsa ngati kamwana kameneka kangakhale chete ngakhale mphindi imodzi. Ndinati tikapatsa mbatata yootcha. Anati ndiye chithunzi chidzatuluka cha mayi wokongola ndi mwana wa makala kukamwa, koma palibe kanthu, ndi mmene alili.

Ndinatenga chingwe chomangira fodya m'chigafa n'kuchiyeza ndi rula yanga ya sukulu, kanayi, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi kuti ndisalakwenso. Ndinamanga mfundo uku ndi uku. Tinayeserera m'chipinda momwemo popanda filimu. Iwo amagwira mfundo imodzi pachibwano, ine ndimakoka inayo mpaka pa kamera, kenaka amataya chingwe pansi. Anati tikuoneka ngati anthu oyeza munda.

Maganizo awo anali akuti tijambule mawa masana, amayi akapita ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi. Ndinakana. Tikabisa ndiye kuti tavomera kuti tikuchita choipa, ndipo envulopu ikadzabwera ine kulibe, iwo ndi amene adzayankhe okha. Anati ndili ndi mutu wouma ngati wawo, ndipite ndikayese.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mtedza. Ndinagwada monga mwa nthawi zonse, chingwe chili m'manja. Ndinawafotokozera za galasi losasuntha, za mita imodzi ndi pang'ono, za nkhokwe imene inatuluka bwino chifukwa inali patali. Ankangopeta. Nditamaliza anati za magalasizo iwo sakuzitsutsa, sanapite kusukulu, mwina ndi zoona. Kenaka anaika lichero pansi.

"Zikakatulukanso choncho, adzatsegule ndani envulopuyo? Iwe udzakhala uli kusukulu. Ine ndione kawiri mwana wanga alibe nkhope?"

Mawu awo sanali aukali. Zikanakhala bwino akanakalipa. Ndinawauza kuti sizidzatulukanso choncho. Anati dzulo lomwe ndinali wotsimikiza chimodzimodzi. Zimenezo ndi zoona, sindikanatsutsa.

Ndiye ndinanena chimene ndinachiganiza panjinga pobwerera. Ndinati chithunzi choyamba pa filimuyi chidzakhala changa. Achemwali adzandijambula pafupi penipeni, mwadala, kuti nkhope yanga ituluke utsi. Envulopu ikadzabwera amayi adzaone mwana wawo wamng'ono alibe nkhope, wamkulu ali nayo, kenaka mu Novembala adzandione ndikutsika galimoto ndi sutikesi yanga.

"Usayerekeze," anatero amayi. "Zinthu zimenezi saseweretsa."

"Sindikusewera, amayi. Ngati ndi malodza, akhale anganso."

Sindinayankhepo amayi choncho chibadwire. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo, n'kutola lichero lawo, n'kuyambanso kupeta. Ndinadikira ndili chogwada kuti mwina anenanso kanthu. Anangoti ndichoke, ndikuwatchingira mphepo. Sanavomere. Koma sanapitenso kukafuna kamera, ndipo madzulo ano ndawaona akuchapa kadiresi koyera ka mwana, kamene amavala popita kutchalitchi, ngakhale kuti Lamulungu lili kutali. Sindinawafunse chifukwa chake.

Ndikudziwa kuti azimayi aja afalitsa kale nkhaniyi m'mudzi. Popita kukatunga madzi anthu awiri anandifunsa za achemwali ndi mawu ofewa kwambiri, ngati opepesa maliro. Ndinawayankha kuti ali bwino, adya, ndipo mawa akujambulitsa. Mmodzi anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Mawa ndidzuka m'mamawa kuotcha mbatata ndi kutenthetsa madzi. Ndiwasambitsa achemwali, ndiwalukanso tsitsi, ndisambitsa mwana. Mpando ndiuika kumbali ya mango imene mthunzi wake ndi wodzaza, dzuwa likhale kumanzere kwanga. Tiyamba amayi asanapite ku msonkhano, ndipo ndikawauza ndekha kuti tikuyamba, abwere kapena asabwere. Choyamba ndi changa, chapafupi. Zotsalazo zonse ndi za achemwali, chilichonse ndiyeza ndi chingwe, sindijambulanso mbuzi kapena chigafa. Filimu ikatha ndiipukusa mpaka kumapeto ndisanatsegule kumbuyo, ndikwera njinga, ndipo ikhala m'manja mwa bambo wa situdiyo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndikamupempha kuti zikadzabwera asadzapatse wina aliyense wodutsa, adzatumize munthu wodalirika akazipereke m'manja mwa achemwali eni ake.